Utsi wa Vaneti ya a Chulu

M'komboni ya Luangwa ku Kitwe, anthu okhala mumsewu wa a Ignatius Chulu sankadalira tambala kuti awadzutse. Kukangoyera ankamva chitseko cha vaneti chikulira, kenako injini n'kutsokomola, n'kutsokomolanso, basi n'kuyamba kuguguda pansi pa mtengo wa mapeyala. Posakhalitsa utsi wabuluu unkakwera m'masamba mwakachetechete, n'kuyandama pamwamba pa mpanda, n'kukalendewera pabwalo la aneba ngati nkhungu ya kudambo.

Vanetiyo a Chulu anaigula atangosiya ntchito kumgodi, kumene anakalambira akuyang'anira mapampu a madzi pansi pa nthaka. Inali yadizilo, yakalekale, yoyera mosuwa ngati fupa la padzala. Anaigulira chinthu chimodzi: kuti tsiku lina adzakweze malata, mipando ndi makina osokera a akazi awo a Felistus, n'kubwerera kwawo ku Katete, kumene anachoka ndevu zisanamere. Koma chaka choyamba panali ukwati wa mwana wawo Henry. Chaka chinacho bondo la a Felistus linatupa. Kenako mvula inachuluka, kenako matayala anatha, kenako zifukwa zinangosiya kukhala ndi mayina. Malata anakhala chikhalire kuseri kwa nyumba mpaka abuluzi anawasandutsa mudzi wawo.

Wina anawauza kuti galimoto yongoima imafa, choncho m'mawa uliwonse ankailiza kuti itenthe. Poyamba ankangodikira kuti kasingano ka kutentha kasunthe. M'kupita kwa nthawi anazindikira kuti akatsamira mpando, manja ali pachiwongolero, kunjenjemera kwa injini kukukwera ndi msana, msewu unkabwera wokha. Ndola ankamudutsa dzuwa lisanakwere. Pa Kapiri ankaona amayi atandandalika mbatata m'mbali mwa msewu. Lusaka ankamupyola popanda wowaimitsa. Kenako mapiri, msewu ukukhota uku ndi uku, mlatho wa mtsinje wa Luangwa, madzi ofiirira ali phee pansi, nthochi za pa Nyimba, mphepo ya kum'mawa yonunkhira lupsa. Pomalizira ankapatukira m'kanjira kafumbi, ndipo kumapeto kwake amayi awo ankakhala akupeta mtedza pakhonde, mkulu wawo Ezekiel atagwadira njinga yake yogadamitsa. Nthawi zambiri asanatsike n'komwe kuti apereke moni, a Felistus ankagogoda pagalasi, kapu ya tiyi ili m'manja.

Vuto linali lakuti vanetiyo inayamba kumwa oilo ngati munthu waludzu la mu Okutobala. A Chulu ankathira lero, pakangopita masiku ochepa kachitsulo koyezera kankatuluka konyowa kunsonga kokha. Utsi nawo unakula. Aneba anasiya kuyanika zovala m'mawa, ndipo a Felistus atayamba kutsokomola anatenga foni n'kuimbira Henry ku Ndola. Henry anali munthu wa muofesi, wosadziwa kumene sipanala imayang'ana. Anangoti Loweruka atumiza amake Lulu.

Amake Lulu anali Bupe, mkazi wa Henry, Mbemba wobadwira ku Kabushi, komboni ya ku Ndola, amene ankakonza malole pagalaja ina kumeneko. Chilowereni m'banjamo, iye ndi apongozi akewo anali asanakhalepo pampando umodzi. Akabwera kudzacheza ankagwada chapatali, pafupi ndi khomo, a Chulu n'kumayankha moni akuyang'ana khoma. Sikuti ankadana. Ulemu ndi umene unawamangira mpanda, ndipo aliyense ankausamala kumbali yake.

Bupe anafika pa minibasi, chikwama cha zitsulo paphewa, chitenje atachimanga pamwamba pa ovolosi. Atapereka moni sanathamangire kutsegula boneti. Anayamba waizungulira vanetiyo pang'onopang'ono ngati munthu wogula ng'ombe. Anasuzumira pansi n'kupeza nthaka youma, yopanda dontho. Anapisa chala m'paipi ya utsi, chinatuluka ndi zakuda zonanda ngati phula. Anayang'ana madzi a m'injini, anali oyera bwino. Pamene anakwawira pansi pa galimoto, a Chulu anatembenuka n'kuyamba kuyang'anitsitsa mapeyala a mumtengo ngati awaona koyamba.

Atatuluka anapempha kuti ailize, iye n'kukaima kumbuyo, manja m'chiuno, nthawi yaitali ndithu. Zimene anaona anazifotokozera a Felistus, ngakhale onse atatu ankadziwa amene akuuzidwa. Anati utsi wakuda ndi dizilo wochuluka, woyera ndi madzi, koma wabuluu ngati umenewu ndi oilo amene akupsa pamodzi ndi dizilo. Popeza pansi sikudontha, oilo yense akuthera m'moto. Njira zake zolowera m'motomo ndi ziwiri: kutsika kuchokera pamwamba, timalabala ta mavalavu tikatha, kapena kukwera kuchokera pansi, maring'i a mapisitoni akasiya kugwira. Akamachokera pamwamba, utsi umachuluka polizapo, kenako n'kuchepa injini ikatentha. Uwu sunkachepa.

Kenako anamasula chivindikiro cha pothirira oilo n'kungochisanjika pakamwa pake osamanga. Chivindikirocho chinayamba kuvina, tang'ang'a, tang'ang'a, mpweya wotentha ukutuluka pansi pake ngati mphika wa nyemba wowira. Bupe anati mphamvu imene imayenera kukankha mapisitoni ikuthawira m'mbali. Anazimitsa, anamanga geji yake yoyezera mphamvu pa silinda iliyonse, ndipo zonse zinali zofooka, yachitatu kuposa zinzake.

Anapukuta manja, nkhope ikuoneka kuti pali chimene sichikumuyendera. Anati injini za mtundu umenewu sizitha msanga, ndipo makilomita olembedwa pawotchi si ambiri. Anafunsa kuti kodi vanetiyo imakonda kuyenda maulendo otani. A Chulu anakonza kukhosi, koma a Felistus anawatsogolera.

"Mwana wanga, imeneyi imapita ku Katete m'mawa uliwonse. Kungoti matayala sagubuduka."

Bupe sanaseke. Anafunsa kuti imalira nthawi yaitali bwanji ili chiimire, ndipo anauzidwa kuti mpaka tiyi kupsa, nthawi zina mpaka kuzizira. Anafunsa kuti zimenezi zinayamba liti, anauzidwa kuti Lulu asanabadwe. Apo m'pamene anagwedeza mutu. Anati injini yadizilo imafuna katundu ndi kutentha. Ikamangolira pamalo amodzi moto wake umakhala wozizira, dizilo sapsa yense, zotsala zimamatirira m'makoma a silinda mpaka kusalala ngati galasi, maring'i n'kukanirira mumwaye. Zikatero oilo amangotsetsereka kukwera popanda womubweza. Kwa nthawi yoyamba anatembenukira kwa apongozi akewo, maso ali pansi, n'kuwaitana m'Chibemba monga mmene angaitanire bambo ake.

"Batata, injiniyi sinatope ndi ntchito ayi. Yadwala ndi kukhala."

A Chulu anamva manyazi ngati munthu amene waonedwa akusamba. Ankayesa kuti za m'mawa zija ndi zawo okha, osadziwa kuti chitsulo chinkazisunga zonse m'mimba mwake, kudikira munthu wodziwa kuwerenga mwaye.

Bupe anati asanaitsegule ayambe aikwiyitsa kaye, chifukwa nthawi zina injini yotere ikasenza katundu wolemera n'kuthamanga mpaka kutentha bwino, mwaye umapsa, maring'i n'kumasuka. Henry anali ndi mabuloko a simenti amene anaumbitsa ku Garneton, kunja kwa tauni ya Kitwe, kwa munthu wina dzina lake Boaz, ofunika kupita ku Ndola. Koma Bupeyo ayenera kukhala kutsogolo kuti azimvetsera injini. A Chulu anayang'ana akazi awo. A Felistus analowa m'nyumba, anatuluka ndi dengu, analidzaza mapeyala, n'kukaliika pakati pa mpando.

"Galimoto si m'nyumba," anatero. "Pitani."

Pochoka ku Garneton vaneti inali itakhala pansi ndi kulemera, ikubuula pa dzenje lililonse. Anadutsa m'tauni, anawoloka mtsinje wa Kafue, msewu waukulu wa ku Ndola n'kutambasuka patsogolo pawo, malole a mkuwa atandondozana ngati linthumbu. A Chulu ankayendetsa monga anazolowera popita kutchalitchi, mofatsa, ngati anyamula mazira.

"Pondani, batata," anatero Bupe chapansipansi. Patapita kanthawi anabwerezanso. "Pondani ndithu. Siisweka."

Anaponda. Injini inakuwa ndi mawu amene anali asanawamvepo, chiwongolero chinayamba kunthunthumira m'manja, ndipo pagalasi loonera kumbuyo msewu wonse unazimiririka mu utsi. Kondakitala wa minibasi imene inawapitirira anatulutsa mutu n'kufunsa m'Chibemba ngati akuotcha makala. Bupe anali atatsinzina, mutu ataupendeketsa, dzanja limodzi litagwira dengu kuti mapeyala asamwazike. Mitengo ya bulugamu inkabwera n'kupita, mithunzi yake ikugwa pagalasi motsatizana, mphepo yofunda ikulowa pawindo. A Chulu anamva chinthu chija chikukwera ndi msana, koma ulendo uno maso anali otsegula ndipo msewu unali weniweni. Sanadziwe kuti anayamba liti kulankhula.

Anamuuza za ulendo wa m'mawa uja, malo ndi malo, monga munthu wofotokoza kumene wangochokera. Anamuuza za mapiri ndi mlatho, za kanjira kafumbi, za mitengo ya mango yoti ana anayi sangaizungulire ndi manja, za amayi awo ndi lichero, za Ezekiel amene ankatha tsiku lonse akuwongola masipoko a njinga yoti sinali ndi mabuleki. Bupe anatsegula maso n'kufunsa ngati ba Ezekiel akadali nayo njingayo.

Ezekiel anamwalira chaka chimene Henry anayamba sukulu. Amayi awo anali atatsogola kale. Kumaliro onse awiri a Chulu anapita pa basi, ndipo sanakhalitse chifukwa kumgodi kunkawadikira. Zonsezi ankazidziwa, sanaiwalepo, koma anali asanaziikepo pamodzi ndi ulendo wa pansi pa mtengo uja.

"Kumeneko kulibe amene amakalamba," anatero pomaliza. "Ndine ndekha."

Bupe sanawatonthoze. Anangoti iye sanapiteko kupyola Lusaka, ndipo ali mwana ankaganiza kuti anthu a kum'mawa amakhala pafupi ndi pamene dzuwa limatulukira, n'chifukwa chake aneba awo a Chinyanja ankadzuka msanga kuposa aliyense m'Kabushi. A Chulu anaseka mpaka vaneti inalowera kumbali, Bupe n'kuwakumbutsa kuti phazi lisachoke pamoto.

Pofika ku Ndola utsi unali utachepa, koma sunathe. Atatsitsa mabuloko, Bupe anasanjikanso chivindikiro chija ndipo chinavinabe, ngakhale mofatsirapo. Anati mwaye wina wapsa, koma silinda yachitatu yakana, palibe kuchitira mwina koma kutsegula. A Chulu anabwerera ku Kitwe pa minibasi, dengu lopanda kanthu lili pamiyendo.

M'mawa wotsatira anadzuka nthawi yawo yomwe ija n'kupeza pansi pa mtengo pali mbee. Anatenga kampando n'kukhala pomwe pankaima vaneti. Anatsinzina, koma palibe chimene chinabwera. Anangomva wailesi ya aneba, mwana akulirira nsapato, ndowa ikudzaza pampopi, njiwa padenga. Anadabwa kuti msewu wawo unali ndi mawu ambiri chotere. Tsiku lina posowa chochita anapita kuseri kwa nyumba n'kuyamba kutembenuza malata limodzilimodzi. A pamwamba anali bwino. A pansi dzimbiri linali litawadya mpaka kuoneka kuwala.

Patapita masiku Bupe anatumiza uthenga kuti abwere adzaone. Galaja yake inali bwalo lafumbi kuseri kwa msika, lozunguliridwa ndi owotcherera mageti ndi amayi ootcha chinangwa. Injini ya vaneti inali itayalidwa pa chitseko chakale, chiwalo chilichonse pamalo pake. Bupe anawapempha kuti apise chala m'silinda. Munali moterera ngati m'mbale yadothi yatsopano, ndipo atasuzumira anaona diso lawo lomwe likuwayang'ana, lalitali ndi lopindika. Anawaonetsanso pisitoni yachitatu. Maring'i ake anali atamira m'mwaye wouma, osasuntha ngakhale powakanikiza ndi chikhadabo. Anati mwayi ndi wakuti makomawo sanadyeke. Awakwecha ndi timiyala kuti pakhale timizere topingasana togwira oilo, aika maring'i atsopano ndi timalabala tatsopano, basi.

A Chulu sanafulumire kubwerera. Anakhala pa tayala lakale pamthunzi, ndipo Bupe, poona kuti manja awo akusowa chogwira, anawapatsa beseni la dizilo, kaburashi ndi mapisitoni. Anatsuka masana onse. Phokoso la timiyala tozungulira m'silinda linkakwera n'kutsika ngati kupuma kwa munthu wogona, nthethe za owotcherera zikuthetheka cha uko, fungo la chinangwa likusakanikirana ndi la dizilo. Nthawi zina ankasinza, pisitoni ili m'manja, n'kudzipeza ali pansi pa mgodi pakati pa mapampu awo akale, madzi akudontha mumdima wofunda. Akadzidzimuka ankapeza Bupe akuwafunsa kanthu, za mapampuwo, za mmene ankadziwira kuti ina yatsala pang'ono kufa. Ankayankha, iye n'kumamvetsera. Panalibe dengu pakati pawo ndipo palibe amene analikumbuka.

Vaneti itabwerera ku Luangwa inabwera ndi lamulo. Bupe anati maring'i atsopano amafuna kukhazikika ndi ntchito: akailiza azinyamuka, azisenzetsa katundu, ndipo akafuna kukhala pansi pa mtengo atenge mpando. Choncho kwa milungu ingapo a Chulu ankatengera amayi a masamba kuchokera ku Garneton kupita kumsika wa Chisokone. Ankabwera madzulo atatopa, akununkha anyezi, n'kugona tulo topanda msewu.

Nyengo yozizira itafika, tsiku lina pa chakudya cham'mawa, anangoti Lolemba anyamuka. A Felistus anawayang'ana kwa kanthawi n'kunena kuti apita nawo, koma makina awo osokera sapita kulikonse. A Chulu anamva zimene mawuwo ankatanthauza ndipo sanatsutse. Anakweza malata amene anapulumuka, thumba la shuga, ndi pilo wotsamiritsa bondo.

Ulendo weniweni unali wautali kuposa wa pansi pa mtengo. Panali apolisi a pamsewu, panali malole osafuna kupatuka, ku Lusaka anasochera mpaka a Felistus anachita kufunsa wogulitsa malalanje. Anagona kwa wachibale ku Chongwe. M'mapiri msana unawawawa, ndipo pamlatho anali otanganidwa ndi basi imene inkabwera kutsogolo moti madziwo sanawaone bwino. Kanjira kafumbi anakadutsa osakazindikira chifukwa pamphambano pake panali patamangidwa timashopu.

Anawalandira ndi Jonah, mwana wa Ezekiel, bambo wa imvi zake kale. Pamene panali nyumba ya amayi awo panali munda wa mpendadzuwa wouma, mitu yake itawerama. Ana ankawatcha agogo a ku Kitwe, ndipo anagwa nako kuseka pamene a Chulu, atatopa, anapempha madzi akumwa m'Chibemba osazindikira. M'mawa mwake Jonah anawatengera kumanda. Anazula udzu ndi manja awo, anapemphera, anakhala pansi nthawi yaitali akumvetsera mphepo m'mitengo. Sanalire. Anangomva thupi kupepuka, ndi njala. Malata aja anafolera khitchini ya mkazi wa Jonah, ndipo a Chulu anakwera okha pamwamba kukakhoma misomali, a Felistus akuwakalipira pansi.

Pobwerera anayamba aima ku Kabushi. Bupe anatsegula boneti injini itazizira pang'ono, anasolola kachitsulo koyezera, anapukuta, anabwezera, anasololanso. Oilo anali atatsika pang'ono chabe. Anati zili bwino, ndipo zipitirira kukhala bwino ngati sabwerera ku zakale. A Chulu anatsitsa thumba la mtedza ndi nkhuku yomanga miyendo, n'kunena kuti ndi zake. Iye anagwada polandira, kenako anafunsa kuti kumudzi akusiyako bwanji.

Anati kuli bwino, kuli fumbi, anthu ake ndi achilendo koma ndi abwino. Mvula ikatha apitanso, chifukwa chitsime cha Jonah chikufuna mapaipi. Anazengereza pang'ono, akusisita chipewa pabondo, kenako anati pali nkhani ina. Pamudzipo pali chigayo chimodzi chokha, cha mayi wina wamasiye, ndipo injini yake ikutaya mphamvu ikangotentha, moti anthu amayenda mtunda wautali ndi chimanga pamutu. Amakanika awiri anabwera n'kubwerera.

"Ndinawauza kuti ine ndili ndi apongozi anga ku Ndola," anatero. "Kaya ndinalakwa."

Bupe anayang'ana manja ake, akudzikaniza kumwetulira. Anati akambirana ndi atate a Lulu, ndipo sukulu zikatsekera mwina mwanayo angapite nawo akaone kwawo kwa agogo ake. Kenako anakoka tayala lina n'kukhala, n'kuyamba kufunsa kuti injiniyo ndi ya silinda imodzi kapena ziwiri, madzi ake oziziritsa amawasunga mu dramu kapena m'thanki, dizilo amamugula kuti. A Chulu anayankha zimene anaona, zina n'kuzijambula ndi chala pafumbi. A Felistus anawadikira m'vaneti mpaka bondo linayamba kuuma, ndipo poona kuti nkhaniyo siitha msanga, anatsika n'kupita kukagula chinangwa chootcha cha anthu atatu.